Mpando wa mfuti ndi mtengo wa moyo: kukongola pamene padutsa nkhondo

Ku London, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya British Museum, kuli mpando wochokera ku Mozambique umene palibe amene amakhalapo. Uli ndi miyendo, pokhalira, poika manja ndi motsamira msana ngati mpando wina uliwonse wa munthu wolemekezeka, koma munthu akauyandikira amaona kuti wonsewo ndi mfuti zodulidwadulidwa n'kuwotchereredwa pamodzi. Amene anaupanga mu 2001 ndi Cristóvão Canhavato, wodziwika ndi dzina loti Kester, mmisiri wobadwira ku Zavala m'chigawo cha Inhambane, ndipo British Museum inaugula mu 2002. M'nyumba momwemo muli ntchito ina yaikulu kuposa mpandowo: mtengo wachitsulo wotalika mamita 3 ndi theka, umene amisiri anayi a ku Maputo anaupanga mu 2004, nawonso ndi zidutswa za zida za nkhondo.

Ambiri amene aona ntchito ziwirizi amati n'zokongola. Mawu amenewa savuta kunena ku London. Amavuta kwa mphunzitsi wa ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Chifunde, amene m'kalasi mwake muli ana ndi adzukulu a anthu amene anagona m'tchire pothawa mfuti zonga zomwezo. Kodi n'koyenera kunena kuti chinthu chopangidwa ndi zida zimene zinapha anthu n'chokongola? Ngati n'koyenera, kukongolako kukugwira ntchito yanji? Nkhani ino ikuunika ntchito ziwirizi, ndipo yankho lake n'lakuti kukongola kwake kwagona pa chinthu chimodzi: mfuti ikuonekabe kuti ndi mfuti, koma singawombenso. Amisiri anachotsa mphamvu ya chidacho n'kusiya chikumbutso chake. Nkhaniyi ikusonyezanso kuti mwana amene wayamba kukamba za ntchitozi m'Chinyanja amapezamo zina zimene mayina ake a Chingerezi ndi Chipwitikizi sanena.

Kumene mfutizi zinachokera

Nkhondo ya zaka 16 ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo inatha ndi pangano la mtendere losainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, ena ndi zipolopolo, ena ndi njala ndi matenda zimene nkhondoyo inabweretsa. Oposa miliyoni anathawira ku Malawi kokha, ndipo pakati pawo panali anthu ambiri a m'chigawo cha Tete amene anadutsa malire kulowa ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza. Masukulu a pulayimale masauzande anatenthedwa kapena kutsekedwa. Aphunzitsi, pamodzi ndi anamwino, anali pakati pa anthu osakidwa, chifukwa m'mudzi iwo ndiwo ankaoneka ngati nkhope ya boma.

Mtendere utafika, mfuti sizinachoke. Asilikali a United Nations anatolera zina, koma zambiri zinatsala m'manja mwa anthu, zina zokwiriridwa m'munda, zina zobisidwa m'nkhalango. Munthu amene wakhala zaka 16 osadziwa ngati kucha ali moyo sataya msanga chinthu chimene akuganiza kuti chingamuteteze, kapena chimene angachigulitse njala ikavuta. Mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, linayamba ntchito yotchedwa Transformação de Armas em Enxadas, mwachidule TAE, kutanthauza kusandutsa zida za nkhondo kukhala makasu. Ganizolo linachokera pa ulosi wa m'buku la Yesaya, mutu 2. Wopereka mfuti sankaimbidwa mlandu ndipo sankapatsidwa ndalama. Ankalandira khasu, njinga, makina osokera kapena zipangizo zomangira nyumba. Mudzi wina umene unapereka mfuti 500 unalandira thalakitala. Malinga ndi British Museum, zida zoposa 600,000 zinatoleredwa mwa njira imeneyi. Zidazo zinkawonongedwa kuti zisadzagwirenso ntchito, ndipo zidutswa zina zinkaperekedwa kwa amisiri a Núcleo de Arte, bungwe lakale la ojambula ndi osema la ku Maputo.

Wosula ndi wowotcherera

Dzina la TAE lingasokeretse munthu pang'ono. Mfutizo sizinasulidwe kukhala makasu. Zinasinthanitsidwa ndi makasu. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri pofuna kumvetsa zimene amisiriwo anachita.

Anthu a kumpoto kwa Zambezi amaidziwa ntchito ya wosula kuyambira nthawi ya Amaravi, amene ankayenga chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu ogulitsa kutali. Wosula akatenga chitsulo chakale amachiika pamoto n'kuchimenya mpaka maonekedwe ake oyamba atatheratu. Mpeni wosulidwa kuchokera ku chitsulo cha galimoto sukumbutsa munthu za galimoto. Amisiri a ku Maputo akanatha kutsata njira imeneyi: kusungunula mfuti zonse n'kuumba nkhunda, kapena mayi wobereka mwana, kuti woona asadziwe n'komwe kuti chitsulocho chinali chiyani kale. Iwo anasankha kuwotcherera, kumene kumalumikiza zitsulo osasintha maonekedwe ake. Choncho mpope wa mfuti ukuonekabe kuti ndi mpope, chosungiramo zipolopolo chikuonekabe, thabwa lotsamiritsa paphewa likadali ndi zipsera zake. Diso limaona mpando, kenako limaona mfuti, kenako mpando, ndipo silingathe kusankha chimodzi n'kuiwala chinacho.

Kusankha kumeneku kumamveka bwino munthu akakumbukira momwe dziko linatsekera nkhani ya nkhondoyo. Mu Okutobala 1992 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lokhululukira milandu ya nkhondo ya mbali zonse ziwiri. Mozambique sinakhale ndi bwalo loti anthu aulule poyera zimene zinachitika, monga linakhalira ku South Africa. M'midzi yambiri, obwera kunkhondo ankalandiridwa ndi miyambo yowasambitsa, ndipo katswiri wa za chikhalidwe Alcinda Honwana anasonyeza kuti miyambo yotereyi inkagwira ntchito ndi zochita, monga kusamba ndi kutentha zovala za kunkhondo, osati ndi kufotokoza zimene munthuyo anachita. Kukhala chete kumeneku kunali ndi nzeru yake, popeza anthu amene dzulo anali mbali zosiyana anayenera kutunga madzi pachitsime chimodzi. Koma kunasiya ana obadwa pambuyo pake alibe pogwira. Amadziwa kuti kunachitika zinazake, amaona nyumba zamabowo ndi agogo amene safuna kuyankha, koma palibe chimene angaloze n'kufunsa.

Ntchito ya Kester ndi anzake imakhala pakati pa kulankhula ndi kukhala chete. Sitchula dzina la munthu aliyense, sinena kuti anawomba ndi uje, ndipo sionetsa mtembo. Koma imakana kunena kuti palibe chinachitika. Apa ikusiyana ndi njira ya Malangatana Valente Ngwenya, wojambula wamkulu wa ku Matalana amene apolisi achinsinsi a atsamunda, a PIDE, anamutsekera m'ndende mu 1964. Zithunzi zake zambiri zimadzaza ndi nkhope zothithikana, maso otuzuka, mano, zikhadabo ndi magazi, moti woona amasowa popumira. Malangatana amaonetsa anthu ovutikawo. Kester amaonetsa chimene chinawavutitsa, ndipo anthuwo woona amawabweretsa yekha kuchokera m'zimene akukumbukira. N'chifukwa chake mpandowu umalemera mosiyana kwa mlendo wa ku London ndi kwa mayi wa ku Domwe.

Mpando

Pa Chingerezi ntchitoyi imatchedwa Throne of Weapons. Liwu loyambalo limanena za mpando wa mfumu ya Azungu, chinthu chimene mwana wa ku Tete amachiona m'mabuku okha. M'Chinyanja liwu ndi limodzi: mpando. Ndi umene agogo amakhalira pakhonde, ndiponso ndi umene anthu amalimbirana pa ufumu ndi pa chisankho. Munthu amakhala pampando, amachotsedwa pampando, amakakamira mpando. Mwana wa kalasi 5 akamva kuti mpando wa mfuti safunika kumufotokozera kuti nkhani ndi ya ulamuliro. Amadzifunsa yekha kuti wokhala pamenepa ndani, ndipo angakhale nthawi yaitali bwanji pa chitsulo chotere asanayambe kumva kuwawa. Chilankhulo cha mwanayo chamufikitsa pamtima pa ntchitoyo mphunzitsi asanatsegule pakamwa.

Mpandowu ulinso ndi mbiri imene ingawerengedwe chigawo ndi chigawo. Motsamira msana muli mfuti ziwiri za mtundu wa G3 zopangidwa ku Portugal, zonga zimene asilikali a atsamunda ankanyamula pa nkhondo yomenyera ufulu. Poika manja pali AK-47 za ku Soviet Union. Pokhalira pali mfuti za ku Poland ndi Czechoslovakia, ndipo mwendo wina wakutsogolo ndi mpope wa mfuti ya ku North Korea. Palibe mfuti ngakhale imodzi pampandowo imene inapangidwa mu Africa. Mmisiri sanalembe mawu alionse onena zimenezi, koma wolamulira aliyense amene angakhale pamenepo watsamira zida zobwera ndi alendo. Nkhondo ziwiri za Mozambique, ya ufulu ndi ya pachiweniweni, zawotchereredwa m'chinthu chimodzi.

Apa mphunzitsi ayenera kukumbukira kuti AK-47 si yachilendo kwa ophunzira ake. Amaiona m'mawa uliwonse pa mbendera ya dziko, itapingasa ndi khasu pamwamba pa buku lotsegula. Pa mbendera mfutiyo ikuimira kumenyera ufulu ndi kuteteza dziko. Pampando wa Kester mfuti yomweyo yadulidwa. Zithunzi ziwirizi sizitsutsana kwenikweni, koma zikaikidwa pamodzi zimabala funso limene mwana angathe kulimva: chida chimene chinabweretsa ufulu chinasanduka bwanji chida chothamangitsa anthu m'midzi mwawo?

Chinthu chimene chimapangitsa mpandowu kukhala woposa phunziro la mbiri chili pamwamba pake. Pa matabwa a mfuti ziwiri za kumsana pali timabowo ta misomali ndi chipsera cha pamene pankamangidwa lamba, ndipo zimenezi pamodzi zimaoneka ngati maso awiri ndi pakamwa pomwetulira. Kester mwini anafotokoza kuti nkhopezo sanaziseme: anazipeza zili kale pa mfutizo, iye n'kungoziika pamene zingaoneke. Pamenepa ndi pamene pali luso. Fakitale inaboola timabowoto kuti mfuti igwire bwino ntchito yake yopha, ndipo mmisiri amene abale ake anavulala pankhondo anayang'ana chinthu chomwecho n'kuonamo nkhope ya munthu. Kukongola kwa mtundu umenewu sikunapakidwe pamwamba ngati utoto. Kwachokera m'kuyang'anitsitsa chinthu chimene ena onse ankafuna kuchiyang'ana kumbali.

Mtengo

Ntchito yachiwiri inapangidwa ndi Kester pamodzi ndi Hilário Nhatugueja, Fiel dos Santos ndi Adelino Serafim Maté, atapemphedwa ndi British Museum ndi bungwe la Christian Aid, ndipo inayamba kuonetsedwa ku London mu 2005. Imalemera pafupifupi theka la tani. Thunthu, nthambi ndi masamba ake ndi zidutswa za mfuti, ndipo pansi pake pali tinyama topangidwa ndi zida zomwezo, monga kamba, buluzi ndi mbalame. Dzina lake pa Chingerezi ndi Tree of Life, pa Chipwitikizi Árvore da Vida.

Pa ntchito ziwirizi, mtengowu ndi umene umakondweretsa anthu msanga, ndipo pa chifukwa chomwecho ndi umene uli wofooka pang'ono. Mpando umafunsa funso n'kumusiya woona ali njenjenje. Mtengo umayankha: imfa yasanduka moyo, chitsulo chaphuka masamba. Uthenga umenewu ndi wabwino, koma munthu angaulandire mofulumira kwambiri, n'kuchoka ali wokhutira ngati nkhani yatha.

Chinyanja chimaubwezera mtengowu kulemera kumene dzina lake la Chingerezi limachepetsa. Amisiriwo sanatche ntchito yawo m'Chinyanja, koma mwana akamasulira dzinalo amapeza mawu akuti mtengo wa moyo, ndipo mtengo ndi liwu limenenso amalimva kumsika. Mtengo wa chimanga, mtengo wa feteleza, mtengo wa moyo. Moyo wa munthu unali pa mtengo wanji m'zaka zimenezo? Nanga mfuti imodzi, imene mwina inatha mabanja angapo, inasinthanitsidwa ndi chiyani? Njinga. Kumva kuwiri kumeneku sikuchokera kwa amisiri, koma sikunama, chifukwa tsamba lililonse pamtengopo linagulidwa kawiri: koyamba ndi ndalama za dziko losauka zopita ku mafakitale akunja, kachiwiri ndi khasu kapena makina osokera kuti lichoke m'manja mwa munthu.

Palinso zina zimene mwana wa kumudzi amadziwa za mtengo zimene mlendo wa mumzinda sangaziganizire. Pansi pa mtengo ndi pabwalo pozengera milandu. Pansi pa mtengo ndi pamene makalasi ambiri anakhala masukulu atagumulidwa, ndipo ena akadali pomwepo mpaka lero. Makungwa ndi mizu ya mtengo ndiwo mankhwala. Mtengo wachitsulowu supereka chipatso, ndipo mbuzi singadye masamba ake. Mwana akanena zimenezi sanaphonye tanthauzo la ntchitoyo. Waona malire ake. Mfuti ngakhale itakonzedwa bwanji sibala kanthu, ndipo chimene chinabala ndi khasu limene linaperekedwa m'malo mwake.

Chikomekome cha mkuyu

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali zifukwa zitatu zoyenera kukayikira ntchitozi, ndipo mphunzitsi wozilemekeza sayenera kuzibisa.

Choyamba, mfuti ili ndi chikoka chake, makamaka kwa anyamata. Chithunzi cha mpandowu chikaikidwa pabolodi, ena adzayamba kupikisana kutchula mitundu ya mfuti ndi kuyerekezera kuwomba. Mmisiri amene wasiya mfuti ikuoneka wavomera ngozi imeneyi. Chimene chimateteza ntchitoyo ndi mabala a macheka ndi zipsera za kuwotcherera, zimene zimasonyeza kuti chidacho chathyoledwa msana. Woona akapanda kuzindikira mabalawo, chimene chatsala ndi chionetsero cha mfuti basi.

Chachiwiri ndi mtunda. Zida zinatoleredwa kwa anthu a m'midzi ya Mozambique, koma ntchito ziwiri zotchukazi zili ku London. Mpandowu unalowa m'gulu la zinthu 100 zimene wailesi ya BBC ndi British Museum zinagwiritsa ntchito mu 2010 pofotokoza mbiri ya dziko lonse lapansi. Gonçalo Mabunda, mmisiri wina wa ku Maputo wobadwa mu 1975 amene amapanga mipando ndi nkhope kuchokera ku zida za nkhondo, waonetsa ntchito zake pa chionetsero chachikulu cha ku Venice. Palibe cholakwika kuti mmisiri adye thukuta lake, ndipo n'koyenera kuti anthu a ku Ulaya, kumene zida zambiri zinapangidwa, aone zida zawo zitabwerera kwawo zili chomwechi. Komabe zotsatira zake n'zakuti mwana wa sukulu wa ku London angathe kuzungulira mtengowo ndi mapazi ake, pamene mwana wa ku Ulongwe angauone pa kachithunzi ka pafoni kokha, ngati mphunzitsi wake ali ndi mayunitsi. M'Chinyanja kukongola kumanena za maonekedwe abwino, komanso za kutenga ngongole. Ntchitozi zili ndi ngongole kwa anthu amene anafukula mfuti m'minda mwawo n'kuzipereka, ndipo ngongoleyo sinabwezedwe yonse.

Chachitatu n'chachikulu. Pamtengopo mfuti za mbali zonse zasakanizidwa, moti palibe angadziwe kuti iyi inali ya ndani. Chimenechi ndi chithunzi cha chiyanjano, koma kwa mayi amene akumudziwa munthu amene anapha mwamuna wake, kusakaniza kumeneko kungamveke ngati kufafaniza. Mlandu suwola. Ndipo luso silinatseke njira ya nkhondo. Kumenyana kunabukanso pakati pa dziko mu 2013, ndipo mu 2015 ndi 2016 anthu masauzande a m'chigawo cha Tete anathawiranso ku Malawi, ku Kapise m'boma la Mwanza. Pangano lina la mtendere linasainidwa mu Ogasiti 2019. Ku Cabo Delgado nkhondo ina inayamba mu Okutobala 2017, ndipo yathamangitsa anthu masauzande mazanamazana pamodzi ndi ana awo a sukulu. Amene ankayembekezera kuti chosema chingaletse chipolopolo wakhumudwa.

Koma kuyesa luso ndi muyeso umenewo n'kulipatsa ntchito ya asilikali ndi andale. Chimene ntchitozi zingathe n'chochepa, ndipo zimachichita bwino. Zimapatsa anthu chinthu choti aimirire mochizungulira n'kukambirana, popanda wina kuloza mnzake chala. Zimasonyeza ndi chitsulo chenicheni, osati ndi lonjezo, kuti mfuti ili ndi mathero: inapangidwa ndi manja, ndipo manja angaidule. Kwa mwana wokulira m'dera limene mfuti imakambidwa monong'ona ngati mzimu, kuona mfuti itasanduka mwendo wa mpando kapena chigoba cha kamba kumaichotsera ulemu umene mantha anaipatsa.

Zimene zikukhudza kalasi

Chinyanja chinalowa m'kalasi ku Tete kudzera m'ntchito yoyesera ya PEBIMO, imene inachitika kuyambira 1993 mpaka 1997, pa nthawi yomwe othawa nkhondo ankabwerera kwawo. Maphunziro a zilankhulo ziwiri m'chigawochi ndi mwana wa mtendere womwewo umene unabala TAE. N'zomveka choncho kuti nkhani ya nkhondo ndi luso ikambidwe m'makalasi amenewa, kaya pa phunziro la Educação Visual, pa Ciências Sociais kapena pa nthawi ya currículo local.

Dongosolo la zilankhulo lili ndi kanthu pa nkhani yotereyi. Mwana amene wafunsidwa m'Chipwitikizi, chilankhulo chimene akuchiphunzira kumene, kuti anene za chithunzi, kawirikawiri amayankha ndi liwu limodzi limene akulidziwa: bonito kapena feio. M'Chinyanja angathe kunena kuti chinthucho n'chokongola koma n'choopsa, kuti chapangidwa mwaluso koma sangafune kuchiika m'nyumba, kuti chikumuchititsa nthumanzi. Maganizo osakanikirana oterewa ndiwo kuweruza luso kwenikweni, ndipo amatuluka m'chilankhulo chimene mwana amakangana nacho kunyumba. Akatuluka, mawu a Chipwitikizi monga escultura, arma, paz ndi memória amapeza pokhala, chifukwa mwanayo ali kale ndi choti anene. Mphunzitsi angathenso kupempha kalasi kuti ipereke dzina lake la Chinyanja pa ntchito iliyonse asanaulule dzina limene amisiri anapereka, n'kufananitsa.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Mwana asafunsidwe kuti anene pagulu zimene a kwawo anachita kapena anachitiridwa pankhondo. M'kalasi imodzi mungakhale adzukulu a mbali zonse ziwiri, ndipo zimene mudzi unagwirizana kuti zisatchulidwe si za mphunzitsi kuzifukula ndi funso la homuweki. Ubwino wa chithunzi cha mpando n'ngoti kalasi ingakambe za mpandowo, ndipo amene akufuna kuwonjezera za kwawo adzatero mwa kufuna kwake. Chachiwiri, ana asatumidwe kukatola zitsulo zakale kutchire. Mozambique inalengeza mu Seputembala 2015 kuti malo onse odziwika okhala ndi mabomba okwirira m'nthaka ayeretsedwa, koma zotsalira za nkhondo zimapezekabe apo ndi apo. Amisiri a ku Maputo ankagwira zida zimene akatswiri anali ataziwononga kale. Lamulo kwa mwana n'lakuti chitsulo chachilendo asachikhudze, akauze akuluakulu.

Zipangizo zabwino zilipo kale pasukulu. Ana a m'midzi imeneyi amapanga galimoto za waya, mipira ya mapepala apulasitiki ndi ng'ombe zadothi popanda wowaphunzitsa. Amadziwa kuyang'ana chitini chotayidwa n'kuonamo gudumu, monga Kester anayang'ana thabwa la mfuti n'kuonamo nkhope. Mphunzitsi angawafunse kuti atchule chinthu chimene chimawononga kapena kuopseza m'dera mwawo, n'kupanga ndi waya, dongo kapena mapesi chinthu china chimene choopsacho chikuonekabe koma chagwiritsidwa ntchito yatsopano. Akamaliza afotokoze m'Chinyanja chifukwa chimene anasiyira mbali ina ikuoneka, kenako alembe ziganizo ziwiri kapena zitatu m'Chipwitikizi zoti ziikidwe pansi pa ntchitoyo. Makolo akabwera pa tsiku lotseka sukulu, ntchitozo zikhale patebulo, ndipo agogo amene angafune kuima pamenepo nthawi yaitali asafulumizidwe.